Mayeso a Ubatizo a Bambo

Chiwaridzo, Bindura
9 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali Alinesi,

Ndiyesa muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kutentha kwayamba kale.

Munafunsa tsiku limene bambo anabatizidwa kuti alilembe pachiliza. Ndazengereza miyezi iwiri chifukwa tsikulo kulibe. Bambo sanabatizidwe. Zija ndinakuuzani pafoni nthawi ya maliro, kuti zonse zinatheka, ndinanama. Amene anawatsekereza ndine.

Mukudziwa kuti atabwera kudzakhala nane kuchokera kumgodi wa Madziwa analowa kalasi ya ubatizo, imvi zili mbuu. Kumpingo kwathu munthu sabatizidwa asananene pamtima Chikhulupiriro cha Atumwi pamaso pa akulu a mpingo, ndipo bambo sankadziwa kuwerenga. Amene ankawagwirira kabuku ndi a Jafar, mnzawo uja wa kumgodi, Msilamu wosaphonya kumzikiti. Ankakhala pansi pa mango, a Jafar kuwerenga mzere umodzi, bambo kubwereza. Nditawaseka, a Jafar anati, "Izi si zanga, mwanangu, koma mnzanga akuzifuna."

Tsiku la mayeso ofunsa tinali awiri, ine ndi mkulu mnzanga a Maxwell. Bambo anavala jekete lawo lakuda lija ndipo anayamba bwinobwino. Atafika pa Pontiyo Pilato anaima. Anayambiranso katatu, thukuta kamukamu, koma ankaima pomwepo. Kenaka anati, "Langton, mawu andithawa. Koma Yesuyo ndimamudziwa, anandifera ine. Handiti nkhani yake ndi imeneyo, si choncho?"

A Maxwell anandinong'oneza kuti, "Sekuru awa tiwalole, akudziwa." Ine, poopa kuti anthu adzati Langton wakondera bambo ake, ndinati lamulo ndi lamulo, abwerenso pa Pasaka. Anatola chipewa chawo nati, "Zvakanaka, abwana." Mawu amenewo, oti chabwino bwana, ankayankhira akapitawo a kumgodi, achemwali, koma tsikulo anayankhira mwana wawo. Chifuwa chija chinawatenga mu Febuluwale, Pasaka asanafike.

Mwezi watha ndinalephera kupirira, ndinakawauza abusa zonse. Sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anati Chikhulupiriro chinalembedwa kuti tidziwe amene timamukhulupirira, tisasokere ndi ziphunzitso zilizonse, ndipo timachinenera pamodzi kuti woiwala anyamulidwe ndi mawu a anzake. "Wopulumutsa ndi Khristu amene mawuwo akunena, osati kuloweza," anatero. "Wachifwamba uja wa pamtanda ananena mizere ingati?" Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuphunzitsa mawu amenewa, koma ndinawasandutsa chiphaso cha pageti, ine n'kukhala mlonda wake.

Za kumene bambo ali sindikayika kwenikweni, ngakhale masiku ena mtima umagunda. Chimene chikundidya ndi chakuti anamwalira akudziyesa olephera. A Jafar andiuza kuti mpaka sabata yomaliza bambo ankawaitanitsa ndi kabuku kaja, mpweya ukuperewera, ati asamuchititsenso manyazi mwana wawo pamaso pa anthu.

Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Ngati mukwiya, kwiyani, ndinu mwana wawo woyamba ndipo ndinakunamizani. Koma musangokhala chete, mundiyankhe ndi mawu alionse.

Akazi anga, mayi a Rutendo, akupereka moni, ana nawonso. A Jafar akuti mukadzabwera mudzawaone, miyendo ikuwavuta. Mupereke moni kwa alamu. Lamulungu likubwerali, mpingo wanu ukaimirira kunena Chikhulupiriro, munene mokweza, muwanenereko bambo. Mundinenerekonso ine, chifukwa kuyambira Febuluwale ndimangoimirira ndi anzanga, pakamwa pali potseka.

Ndine mlongo wanu,
Langton