Bambo Sadya Ndisanadye

Lachisanu, 22 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko. Kuno tikudzuka ndithu, kungoti kudzuka kwake n'kochita kulikoka thupi ngati thumba la makala. Musadabwe kuti ndasankha kalata pomwe foni ilipo. Pafoni mumathamanga inu, ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa mwafika kale pa "chabwino mlongo, tiimbirananso." Papepala pano mundimva mpaka ndimalize. Ndikulemba pa nthawi yopuma kuntchito, m'kachipinda kosungira makatoni, ndiye mukaona kadontho pakona musati ndi misozi. Ndi tiyi, wopanda shuga, kuti mudziwe.

Wotchi munanditumizira ija inafika, zikomo kwambiri. Ndi yanzerudi monga munanenera. Ndikakhalitsa pansi imanjenjemera pamkono, ati ndiimirire ndiyendeyende. Koma achimwene, ine ntchito yanga ndi ya pa tilu m'sitolo. Ndiimirire ndipite kuti, mzere wa makasitomala utafika kuseri kwa mashelefu a sopo? Tsiku lina ndinaimveradi, ndinadzuka n'kuzungulira kamodzi, a manejala n'kundifunsa ngati ndataya chinthu. Panopa ili m'dirowa, ikunjenjemera yokha.

Mawu munanena titaonana pafoni aja, akuti "Iii mlongo, koma wadzitaya," ndinaseka nanu, koma kunena zoona anandipweteka. Galasi ndili nalo. Yunifolomu ya kuntchito andisinthira kale, nayonso mabatani ayamba kudandaula. Masitepe a kunyumba ndimakwera ndikupumira m'mwamba ngati ndasenza munthu. Ndipo kuchipatala anandiuza kale zoposa zanuzo. A nesi atandiyeza anati magazi akuthamanga kwambiri, shuga nayenso ali pakhomo akugogoda. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Mayi, mukapanda kutsitsa thupili, tsiku lina mudzagwa, mbali imodzi osagwiranso ntchito." Inu ndi ine tikudziwa mmene amayi anatisiyira.

Ndiye musaganize kuti ndangokhala manja lende. Ndinayamba kupita kuntchito wapansi, koma kuti ndifike nthawi yabwino ndimayenera kunyamuka Bambo asanasambe, ndipo ndikafika ndinali nditanyowa ngati andithira madzi. Mnzanga wa pa tilu yoyandikana nane, amene timamutcha Shapu chifukwa chilichonse kwa iye n'chashapu, anandipatsa tiyi wake wochepetsa thupi. Abale inu! Chimene chinachepa ndi ulemu wanga basi, tsiku lonse ndinkangothamangira kuchimbudzi, makasitomala akung'ung'udza. Ndasiya shuga, ndasiya zokazinga, zakumwa zozizira ndimangozidutsitsa pa makina n'kuziika m'jumbo za anthu ena. Tsiku lonse mabisiketi ndi chokoleti zimadutsa m'manja mwanga, ine osalawa. Pamenepo pokha mundiyamikire.

Koma vuto langa silili kusitolo. Lili patebulo pathu, ndipo ndi limene ndakhala ndikukubisirani.

Mukudziwa kuti Bambo akuiwala. Chimene simukudziwa ndi kukula kwake, chifukwa mukaimba foni amachangamuka, n'kukufunsani za nyengo, inu n'kumati ali bwino. Foni ikangoduka amandifunsa kuti anali ndani. Masiku ano mutu wawo unabwerera ku zaka zija shopu yawo ya ukalipentala itatsekedwa, ife tili ana. Mukukumbuka mmene ankachitira? Ankakhala kumapeto kwa tebulo manja ali pachifuwa, n'kumati iwo adya kale ku tawuni, mpaka ife titanyambita mbale, kenako n'kumatola zotsala. Ife tinkakhulupiriradi kuti ku tawuni kuli munthu wowadyetsa. Tsopano abwerera komweko. Kwa iwo ine sindine mayi wamkulu wa imvi m'mutu. Ndine Kachitsotso, kamwana koonda kaja kokana chakudya. Mukuseka eti? Nanenso ndinkaseka poyamba.

Bambo sadya ine ndisanadye. Ndikawaikira mbale, amaikankhira kwa ine.

"Yamba iwe, Kachitsotso."

"Bambo, yanga ndi iyi, idyani yanu."

"Kameneko n'kachakudya? Taona timikono. Anthu aziti mwana wa kalipentala akufa ndi njala."

Timikono take tomwe chibangili chinakana kulowa! Amatapa mpunga wawo n'kuthira m'mbale mwanga, kanyama konse n'kundipatsa, ndiye amakhala chete kundiyang'anira pakamwa. Ndikamaliza mbale yodzaza, pamenepo mpamene amagwira supuni.

Mwina mukuti bwanji wina asadye nawo. Tinayesa. Alamu anu, munthu amene wakhala nawo nyumba imodzi zaka zonsezi, amene amawameta ndevu ndi kuwasambitsa, akakhala patebulo Bambo amandinong'oneza mokweza kuti, "Kodi mlendoyu achoka liti? Atimalizira chakudya cha ana." Mwamuna wanga ndi woleza mtima, amangotenga mbale yake n'kukadyera pakhonde. Mayi amene tinamulemba ntchito yokhala nawo masana, iye ndiye amamubwezera mbale ili chivundikirire. Choncho nthawi ya nkhomaliro, anzanga akupuma, ine ndimakwera basi kupita kunyumba, kukadya, n'kubwereranso pa tilu m'mimba muli ndii, tulo tikundikoka. Madzulo chimodzimodzi. Nthawi zina tangotsuka mbale kumene, iwo aiwala kuti tadya, ayambanso kutekeseka kuti mwana sanadye, mpaka ndidule buledi tidyenso.

Machenjera onse ndinayesa. Ndinagula kambale kakang'ono, iwo anasinthanitsa ndi yawo. Ndinayesa kutafuna mphepo, anati, "Tsegula pakamwa ndione." Ndinabisa mbatata m'thumba la epuloni, anandigwira dzanja ngati wakuba. Munthu woiwala dzina la mkamwini wake, koma supuni imodzi yosowa m'mbale mwanga amaiona! Tsiku lina ndinangowauza chilungamo.

"Bambo, adokotala andiletsa kudya kwambiri."

"Dokotala wake uti woletsa mwana kudya? Akudwala ndi iyeyo."

Mwezi wathawu ndinalimba mtima. Mutu unkandipweteka kumbuyoku pafupifupi tsiku lililonse, ndipo m'mawa wina ndikuwerama kumanga nsapato ndinaona mdima. Ndinachita mantha, achimwene. Ndinati ayi, ana anga asaone zimene tinaona ife. Ndinayamba kudyera kuntchito timasamba tanga ndi dzira lowiritsa, kunyumba n'kumakhala nawo patebulo ndi kapu ya madzi, n'kumati, "Ndadya kale, Bambo." Mawu awo omwe aja. Ankandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuvundikira mbale yawo n'kunena kuti, "Ndikusungira." Mumtima ndinkati njala ikawapweteka adya okha, palibe munthu wokana chakudya mpaka kalekale. Ankalawa pang'ono ndithu, tiyi, kachidutswa ka nthochi, ine n'kumadzitonthoza kuti zikuyenda.

Tsiku lawo lopita kuchipatala linakumana ndi langa, ndiye tinapitira limodzi. Ndinayamba kukwera sikelo ndine, nditavula nsapato, juzi, ngakhale ndolo ndikanavula. Itayima, a nesi anangoti, "Mmm, mwayesa," mawu amene amauza mwana wolephera mayeso. Kutsika kwake kunali koti ndikanamwa madzi kapu imodzi kukanabwerera. Kenako anakwera Bambo. A nesi anayang'ana sikelo, n'kuyang'ana Bambo, n'kuwauza kuti atsike akwerenso. Atatero anatembenukira kwa ine nkhope itasintha.

"Mayi, agogowa mukuwadyetsa koma?"

Nesi yemweyo, pakamwa pomwepo pamene panandiuza kuti ndichepetse kudya! Ndinafuna kuseka, koma chimene chinatuluka si kuseka. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti pa msinkhu wawo kutsika kotere n'koopsa, kachifuwa kakang'ono kakhoza kuwatenga. Ndikuwaveka jekete m'pamene ndinaona lamba wawo. Panali bowo latsopano, loboola ndi msomali. Alamu anu ndiwo anaboola, buluku litayamba kuvuka, ndipo sanandiuze poopa kundiwonjezera nkhawa. Mwezi wonse ine ndikudzimana, woonda anali Bambo.

Titafika kunyumba ndinaphika mpunga ndi nyemba, n'kudzaza mbale yanga mpaka pamwamba. Ndinakhala moyang'anana nawo n'kudya yonse. Ndinkadya misozi ikutsika, iwo akumwetulira, akugwedeza mutu, akuti, "Eya, mwana wabwino, malizitsa." Nditamaliza anakoka mbale yawo n'kudya ngati munthu wochokera kumunda, mpaka anapempha zina. Sindinawaonepo osangalala chonchija chaka chino. Ine mutu unali ukugunda.

Ndiye ndi mmene zilili. Ndikadya, ndikudzikumbira dzenje. Ndikapanda kudya, ndikukumbira Bambo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndavumbwa kale, ndipo sindikudziwa kuti ndithawire phanga liti. Shapu akuti ndizidzuka m'bandakucha kukathamanga kuti zimene ndadya zipse. Ndinamufunsa kuti adzabwera kudzandichapira zofunda za Bambo ndi kukonzekeretsa ana kusukulu? Anangoti shapu. Aliyense ali ndi malangizo, achimwene, malangizo ndiye sindikusowa. Ndatopa. Ndatopa ndi njala, ndatopa ndi kukhuta, ndatopa ndi kumwetulira makasitomala mapazi atatupa. Pena ndimawakwiyira Bambo, munthu wosalakwa, kenako n'kudzida ndekha. Pena ndimakwiyira inu, ndisakunamizeni.

Zonsezi ndikanapitiriza kupirira osakuuzani, poti kumeneko nanunso muli ndi zanu. Chandilembetsa kalatayi ndi chimene chinachitika Lamlungu. Ndikuyala patebulo masana, Bambo anati, "Mbale zachepa." Ndinati zakwana, yawo ndi yanga. Anati, "Nanga ya mchimwene wako? Sanabwerebe kumpira?" Ndinaika yachitatu kuti pasakhale mkangano. Anatapa chakudya chawo n'kugawa pawiri, china kwa ine, china m'mbale mwanu, ntchafu ya nkhuku n'kuika kwa inu. Ine ndinadya yanga yonse monga mwa masiku onse, n'kuwaonetsa mbale.

"Ndamaliza, Bambo. Idyani tsopano."

"Tidikire mnzako."

Anakhala maso ali kuchitseko mpaka chakudya chinazizira. Ndinawauza kuti inuyo mwadya kwa anzanu. Ndinati mwatumiza uthenga kuti muchedwa. Ndinanyamula mbale ija kupita nayo kuchipinda n'kubwera nayo yopanda kanthu, ndikuti mwalowera khomo lakuseri ndipo mwadya. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Usandinamize, Kachitsotso. Mwana wanga ali ndi njala kwinakwake." Tsiku limenelo sanadye. Ndinakuimbirani kuti mwina akuoneni mukudya pafoni, simunayankhe, munalemba kuti muli pa msonkhano wa kutchalitchi. Lolemba anadya pang'ono. Lachitatu anafunsanso za inu, dzulonso chimodzimodzi, ndipo masiku amene akufunsaniwo chakudya chimabwerera kukhitchini. Kudya kwanga kwasiya kukwanira. Ngakhale nditati ndidye mpaka kuphulika, mbale yanuyo sindingaidye m'malo mwanu.

Choncho musanditumizirenso wotchi, kapena timavidiyo ta anthu odumphadumpha tija. Pemphani tchuthi mubwere. Sindikuti mudzasamuke, ndikudziwa ntchito ndi ana. Mudzangokhala nawo patebulo, akuoneni mukutafuna, mtima wawo ukhale pansi. Mwina akakhala ndi ana awiri owayang'anira pakamwa, diso lawo lidzachoka pa mbale yanga, nane ndipumeko, ndiyende wapansi, ndimve mankhwala a kuthamanga kwa magazi akugwira ntchito. Inu paja ndinu woonda ngati amayi, malo m'mimbamo alipo. Mwina sakakuzindikirani, mwina adzati nanunso ndinu mlendo, zimenezo sindingalonjeze. Koma bwerani tiyese, nthawi idakalipo, yawo ndi yanga yomwe.

Nthawi yopuma yatha, a manejala ayamba kale kusuzumira pakhomo. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ananditumizira ija ndinaisunga, ndidzasoketsa thupi likadzasankha pomwe liime. Ana muwapsompsone. Alamu anu kuno akupereka moni, ati akusiyirani mpando wawo patebulo, iwo pakhonde anazolowera. Ana anga akuti amalume abwere. Bambo ndinawauza m'mawa uno kuti ndikulemberani kalata, ndinawafunsa kuti ndikuuzeni chiyani. Anaganiza kaye, kenako anati, "Umuuze asiye kusewera abwere, chakudya chikuzizira."

Ine ndakhuta, achimwene. Bwerani mudzadye gawo lanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani.