Msonkhano Wadzidzidzi wa Miyala ya pa Denga la Ana

KOMITI YA SUKULU YA MKOMBAPHALA YA MSANGU, KWA MWADZAMA

Tsiku: Loweruka, 21 Juni 2025
Malo: M'chipinda cha ana, kenako panja
Nthawi yoyamba: 2:20 masana

Amene anabwera: Bambo Feston Chimwala (wapampando), Bambo Sulemani Mwinyi, Mayi Zelifa Nkhoma (mlezi wa ana), Liness Kamanga (mlembi). Woitanidwa: Bambo Steward Kaunda, kalipentala.

Amene sanabwere: Bambo Tedson Jere, ali ku maliro ku Nkhunga.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano ndipo a Sulemani anapemphera mwachidule. Zokambirana za msonkhano wapita sizinawerengedwe chifukwa ine mlembi ndinapempha kuti tifike msanga pa nkhani ya denga.

2. Zimene zinachitika Lachinayi

Mayi Zelifa anati ana 31 atamwa phala anagona pa mikeka monga mwa masiku onse. Kunja kunali mphepo ya mwera. Anamva denga likulira ngati chitseko chakale, kenako fumbi loyera linayamba kugwera ana amene amagona pakati pa chipinda. Anamvanso fungo la pulasitiki wopsa. Anawatulutsa onse, ena anachita kuwanyamula ali m'tulo.

Wapampando anafunsa ngati pali mwana amene anavulala. Mayi Zelifa anati palibe. Wapampando anati ndiye tithokoze Mulungu. Ine mlembi ndinati mwana wanga Mwawi, wa zaka zitatu, ndi mmodzi mwa ogona pakatipo, ndipo ndinamupeza ndi fumbi la mtengo m'tsitsi ndi m'makutu momwe. Wapampando anati mlembi azilemba kwambiri, azilankhula pang'ono.

3. Zimene kalipentala anapeza

A Steward anati anakwera padenga dzulo m'mawa. Mapanelo anayi a sola, amene amayatsa magetsi ndi kuyendetsa pampu ya madzi, anakhomedwa pa malata pokha, misomali yake sinafike pa mtengo. Pa mphepete mwa mapanelowo anapezapo miyala ndi njerwa 23.

Anati mtanda waukulu umene wasenza zonsezi unadyedwa ndi chiswe. Anaubaya ndi mpeni, mpeni unalowa ngati m'papaya. Pakati papindika ndipo dzanja lonse likulowa pamene poyamba panalibe mpata. Anatinso waya wochokera ku mapanelo ukukhuzika pa mphepete mwa lata nthawi zonse mphepo ikawomba. Wina anaukulunga ndi jumbo, jumboyo inasungunuka, ndipo pa mtengo pali chipsera chakuda.

A Steward anafunsa kuti anaika miyala yonseyi ndani.

Wapampando anati iwo anangoikapo njerwa zinayi chaka chatha, mwera utatukula panelo limodzi. Sanauze munthu chifukwa a bungwe limene linatipatsa sola anati pasapezeke wokhudza zipangizo zawo. A Sulemani anakhosomola, kenako anati iwonso anaikapo miyala isanu ndi iwiri ya nangula, yochokera kunyanja. Wapampando anati, "Ya nangula, a Sulemani? Mumafuna sukulu isapite ndi mafunde?" A Sulemani anati njerwa za wapampando zinali ngati zitumbuwa, mwera ukanazinyambita. Mayi Zelifa anati anatuma achimwene awo, anaikapo isanu ndi umodzi.

Ine mlembi ndikulemba kuti iwiri ndi yanga. Ndinauza bambo a Mwawi mwezi wa Meyi kuti akwere, asankhe yolemera, chifukwa ndinkaopa kuti panelo liuluka n'kugwera ana posewera. Anaiika pakati penipeni. Sindinadziwe kuti aliyense akuchita zomwezo.

Miyala inayi yotsala mwini wake sanapezeke. A Sulemani anati tidzafunse a Tedson akabwera.

4. Chochita

Wapampando anati a bungwe akubwera Lachitatu kudzajambula ana ndi mpopi. Akadzapeza mapanelo ali pansi, kapena akadzamva kuti tinakhudza, akhoza kuzula zonse n'kupita nazo mudzi wina. Pampu ikaima, amayi abwerera kokatunga kunyanja kumene ng'ona inagwira mbuzi mwezi watha. Anati maganizo awo ndi akuti tichirikize mtanda ndi mzati wa bulugamu, ana aziphunzira mpaka alendo apite, zina tidzaone pambuyo. A Sulemani anavomereza, anati akazi awo ali ndi vuto la msana, sangasenze ndowa kuchokera kunyanja.

A Steward anati mzati ungagwire pakati, koma mtandawo ndi wofumbwa mpaka kumapeto, ndipo mzati suzimitsa moto. Anati miyala sangaichotse mapanelo ali pompo chifukwa auluka. Zonse zitsike pamodzi.

Wapampando anafunsa kuti denga limeneli lakhala zaka zingati osagwa, lingagwe sabata ino yokha? A Steward anati iwo ndi kalipentala, si mlosi, koma mdzukulu wawo sangamugoneke pamenepo.

Ine mlembi ndinapempha wapampando kuti atiuze mwana wa ndani azigona pafupi ndi mzatiwo, ndilembe dzina. Anati ndikulankhula ndi mtima wa kholo, osati wa komiti. Ndinati ndine zonse ziwiri.

Tili pa mfundo imeneyi, cha m'ma 3:15, mwera unawomba mwamphamvu. Denga linalira kawiri, mwala umodzi unagubuduka pa malata, ndipo fumbi linagwera pa kope lino. Wapampando anali oyamba kutuluka, mpando ali nawo m'manja. A Sulemani anasiya nsapato imodzi. Tonse tinatuluka.

Panja Mayi Zelifa anati, "A Feston, inu mwathawa muli maso, ndi miyendo iwiri yabwinobwino. Ine ndimakhala ndi 31, ali m'tulo, manja anga ndi awiriwa."

Wapampando anaika mpando uja pansi. Kenako anati mlembi alembe izi:

(a) Chipinda chatsekedwa kuyambira lero. Ana aziphunzira pa bwalo la Mayi Zelifa.
(b) A Steward achotse waya ku batire ya sola lero lomwe. Pampu iima, amayi azipita kunyanja m'magulu, dzuwa litakwera.
(c) Mapanelo ndi miyala zitsike m'mawa woyamba umene mphepo idzakhale bata. Wina aliyense asakwere padenga.
(d) Wapampando aimbire a bungwe Lolemba, awauze zonse asanabwere.

A Sulemani anati sakukondwa ndi (b) koma sakutsutsa.

5. Zina ndi zina

Wapampando anapempha kuti mayina a oika miyala asalembedwe, popeza kope lino a bungwe amaliwerenga. Ine mlembi ndinati ndalemba kale, ndipo langa lilimo. Anati chabwino, likhale.

Mayi Zelifa anakumbutsa kuti Lamlungu ana a m'mudzi amasewera pa khonde la chipindachi, ndipo loko satseka khonde. Tinagwirizana kuti makolo azilondera mosinthana mpaka denga litapepuka. Ine ndiyamba mawa 6 koloko, a Sulemani andilandire masana. Chonde aliyense amene wawerenga izi auze mnzake. Mwana asafike pa khonde, ngakhale kudzatola mpira.

6. Msonkhano wotsatira

Lachiwiri, 24 Juni, 2 koloko masana, kwa Mayi Zelifa.

Msonkhano unatsekedwa 3:50. Wapampando anakhoma okha chitseko, kiyi anapatsa a Steward. Nsapato ya a Sulemani yatsala mkati, ndipo anati ikhale momwemo.

Wapampando: Feston Chimwala ....................

Mlembi: Liness Kamanga ....................