Amayi, M'masuleni Pakamwa Kinsley

Kawale, Lilongwe

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani potsikira kudimba? Ife kuno tili bwino. Ine ndanenepa moti mukadzandiona mudzayamba mwandipatsa mpando musanazindikire kuti ndine mwana wanu. Esime mlongo wanga, ndikudziwa kuti ukuwerengera Amayi kalatayi ndiwe. Uwerenge mokweza, ndipo usadumphe pamene ndadzitama.

Ndalemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula ndi nkhani za mbuzi, pomwe zimene ndaona sabata ino zimafuna munthu atakhala pansi. Mpaka lero mutu wanga sunabwerere m'malo mwake.

Mukudziwa kuti kampani yathu ndi ya pulogalamu ya pafoni imene anapanga mng'ono wanga Kinsley, ija yoti mlimi wa manachesi akangodina apeze lole imene ikubwerera yopanda katundu kuchokera kuchipata cha Mwanza. Atsogoleri tilipo atatu. Kinsley ndiye mutu, amakhala pakompyuta ngati anamumatirira ndi ulimbo. A Rozina, mayi wa ku Ntcheu amene tinawatenga chaka chatha, amayang'anira chuma, ndipo kuseka amaseka pa Khirisimasi pokha. Ine ndine pakamwa pa kampani. Munthu amene ndinali kondakitala wodzaza minibasi ndi anthu oti analibe n'komwe ulendo, pulogalamu ingandikanike kugulitsa?

Kuti kampani ngati yathuyi ikule, pamafunika anthu achuma amene amaika ndalama zawo m'makampani ongoyamba kumene, n'kumadzagawana nawo phindu. Tawasaka anthu amenewa mpaka nsapato zatha zidendene. Popanda iwo ofesi yathu sifika chaka chamawa. Ndiye Lachiwiri kunabwera mayi wina wochokera ku Nairobi, wotumidwa ndi anthu oterewa. Ine ndinavala suti yonyezimira moti akabaza ankandipatukira okha pamsewu.

Ndinkayesa afikira pakompyuta. Ayi ndithu. Pulogalamu anangoisuzumira pang'ono, n'kunena kuti ndi yabwino, koma yabwino angapangenso wina mawa. Anati iwo amayang'ana anthu oyendetsa kampani, ngati ndi gulu lolimba. Nditamva mawu oti kulimba, mumtima ndinati apa ndiye afika pakwathu.

Ndinaimirira. Ndinamuuza kuti kuyambira kwa Kanduku mpaka ku Thambani palibe mlimi wosadziwa pulogalamu yathu, kuti inawoloka kale mpaka ku Tete, komanso kuti madalaivala amaikonda kuposa akazi awo. Chizungu chinkangotuluka chokha, china sindinachimvepo ndi ine ndemwe. Inu mukundidziwa, Amayi, ine sindinama, ndimangothira mchere. Alimi tili nawo m'midzi ingapo, ndipo wa ku Tete alipodi mmodzi, kungoti foni yake inagwera m'chitsime.

Mayi uja anatembenukira kwa Kinsley n'kumufunsa ngati zimenezo zinali zoona. Mwana wanu anayang'ana nsapato zake, n'kuyankha kuti achimwene anena kale. Anamufunsanso kuti ndi liti pamene ananditsutsapo pa nkhani ya ntchito. Apa ndinamuyankhira ndine, chifuwa chili patsogolo. Ndinati chibadwire sizinachitikepo, chifukwa kwathu tinaleredwa bwino. Ndinakhala pansi kudikira kuti aombe m'manja.

Amayi, mayiyo anatseka kompyuta yake. Anati asanabwere kuofesi anali atacheza kale ndi alimi ndi madalaivala, choncho mchere wanga sunamudabwitse, ogulitsa malonda onse ndi otero. Chimene chinamuopsa ndi Kinsley. Mawu ake ndawasunga: “Sindingaike chuma pamalo pamene munthu wodziwa zoona amakhala chete.” Anati adzabweranso kumapeto kwa mwezi, ndipo akadzapeza atsogoleri osatha kutsutsana, apita kwina.

Ulemu womwe uja munkatiphunzitsa ndi kamtengo kosongolera moto, umene aphunzitsi ndi abusa ankatiyamikira nawo, lero ndi umene wathamangitsa mlendo? Ndayenda, ndaona zambiri mumzinda muno, koma zoti munthu n'kukanidwa chifukwa chosachita mwano sindinazimvepo.

Mlendo atangotuluka, a Rozina anaphulika. Anati akhala akuona zimenezi kuyambira tsiku limene anabwera. Ine ndimalonjeza anthu zinthu zimene pulogalamu sinayambe kuchita, ndipo Kinsley m'malo mondikaniza amakhalira kuzipanga osadya, ntchito yeniyeni itaima. Anati iwo okha atopa kukhala mfiti ya muofesi, ndipo zikapanda kusintha atenga chikwama chawo. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangoona kuti chilichonse chimene ndanena chikuchitika, ndiye ndinkayesa ndine mneneri.

Mawa lake ndinati vuto laling'ono ili, ndilikonza ndekha. Ndinamukhazika pansi Kinsley n'kumulamula kuti anditsutse. Ndinamuuza kuti manachesi amakumbidwa pansi ngati mbatata. Anati mwina kumadera ena. Ndinati Mwanza ndi likulu la Mozambique. Anati ndi pafupi ndithu. Munthu wa digiri, Amayi, thukuta lili kamukamu ngati walima ndime yonse!

Nditamupanikiza ndi pamene anandiuza chimene chandilembetsa kalatayi. Akuti tsiku limene ankanyamuka kupita kukoleji, muli padepoti ya Mwanza, munamugwira dzanja n'kumuuza kuti mkulu wake anasiya sukulu bambo atamwalira kuti iye aphunzire, choncho asadzayerekeze kumuyankha kapena kumuchititsa manyazi pagulu moyo wake wonse. Ndinamuuza kuti ineyo mwiniwake ndamuloleza. Anakana. Anati mawuwo si anga, ndi anu, ndipo anawonjezera kuti: “Achimwene, bola kampani itsekedwe.”

Tsiku lonselo sindinadzitame ngakhale kamodzi, ine Langton. Anthu a muofesi anachita kudzandisuzumira ngati ndadwala.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Tengani foni ya Esime, mukwere pachulu paja pamene pamagwira netiweki, mumuimbire Kinsley mwezi usanathe. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti mwamumasula, azinditsutsa ndikalakwitsa, ngakhale pamaso pa alendo. Musatume munthu, sakhulupirira. Koma mumuuzenso malire ake. Zimenezi ndi za kuofesi basi. Tikafika kunyumba madzi osamba m'manja ayambe ndi ine, ndipo nthuli yaikulu ikhalebe yanga.

Ndikudziwa kuti munanena mawu aja pondikonda, ndipo Kinsley atandifotokozera ndinatuluka panja kukayang'ana kumwamba ngati ndikuona mvula. Koma Amayi, ine sindinapachikike pakhomo la minibasi zaka zonse zija kuti mwanayu adzakhale wosalankhula. Ndinkafuna adzaime pamaso pa anthu akuluakulu n'kunena zimene akudziwa. Ngati woyamba kumva zimenezo akhale ine, ndipirira. Thupi ndili nalo lokwanira.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a kwa Nthache, kwa alamu anga bambo a kwa Esime ndi adzukulu anu onse. Asuweni anga a Iness muwauze kuti udindo wanga wakula moti akafuna kundiona azidzayamba apempha kwa mlonda. Esime, Amayi akayamba kuzengereza uwakumbutse, ndipo uwagwire dzanja pokwera pachulupo.

Tsalani ndi mtendere, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu woyamba, amene akudikira kutsutsidwa,

Langton