Bambo Athu ndi Samu za Pakona ya Bolodi

Bambo, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Tawerenga kawiri, poti tikudziwa kuti inuyo mukanati zisanu, osaseka n'komwe, n'kumadikira kuti wina akugwireni.

Ndi mmene munaphunzitsira masamu m'kalasi yachiwiri kwa zaka makumi atatu. M'mawa uliwonse ana asanalowe, munkalemba samu imodzi pakona ya bolodi, yankho lake lolakwitsa dala. Ana ankafika chothamanga, kukankhana pakhomo, aliyense kufuna kukhala woyamba kugwira aphunzitsi. Inu munkakana kwamtuwagalu, mpaka kamwana kamamina katayala zitsekerero za mabotolo patebulo panu n'kukuwerengerani pamaso. Apo munkagwira kumutu ngati mwaferedwa, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Munkatiuza kuti mwana akakonza munthu wamkulu kamodzi, nambala saziopanso. Akuluakulu oyendera sukulu, ndi zikwama zawo zonenepa zija, anakulemberani makalata atatu okuchenjezani. Onse munawapinda bwinobwino n'kutsamiritsa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Kalasi ija anaitenga ndi achemwali, mwana wanu wachisamba. Anapita kumaphunziro a njira zamakono, anabwerako ndi masatifiketi awiri ndi matchati amitundumitundu, ndipo ana ankawodzera mwaulemu kwambiri. Kenako chaka chino samu zija zinayambiranso. Pakona pomwe paja, m'mawa, chitseko chili chokiya, choko chili m'kabati. Ngakhale 7 wake ndi wanu uja wa kamzere pakati, wokhala ngati wamanga lamba. Aphunzitsi aakulu asintha loko kawiri, ndipo akuti achemwali akungofuna kutchuka. Achemwaliwo anayesa kumazifufuta ana asanafike, ana anayamba kujomba, basi anangozisiya. Kunena chilungamo, bambo, kalasi ikudzaza ndipo ana akukhoza. Pamenepo sitikudandaula.

Koma Lachisanu lapitali munalemba 7 − 1 = 7. Ana anakuwa kuti sikisi, anayala zitsekerero zawo, anavina. Achemwali anatenga chofufutira, dzanja linakana. Pakhomo pathu paja tinalipo asanu ndi awiri: inu, mayi, ndi ife ana asanu. Tamva, bambo. Nafenso sitinazolowere. Mayi akamakonza tiyi amatulutsabe kapu yanu yobenthuka, ndipo mng'ono wathu wotsiriza salola mlendo aliyense, ngakhale wa tayi, kukhala pampando wanu.

Lolemba ndiye mwatiopseza. Pabolodi panali 6 − 1 =, yankho osalembapo. Ana anayang'ana, anasowa cholakwa choti agwire. Achemwali anawaletsa kuyankha, anakiya chitseko, anafika kunyumba dzuwa lili pamutu n'kuyamba kutiyang'ana mmodzimmodzi. Mayi akhala akutsokomola chiyambire mwezi uno. Samuyo ikadali pabolodi, palibe wayerekeza kuifufuta.

Bambo, moyo wanu wonse simunalembepo yankho lolondola pakona imeneyo. Chonde musayambire pa ife. Lembani 6.

Sitidzakuiwalani. Mpata wake simukutipatsa n'komwe.

Ndife akazi anu, ndi ana anu onse asanu.