Zivindikiro za Kapitawo

Lolemba, 3 Juni

Ndatsegula shopu. Koyamba chimuikire m'manda. Masiku khumi. Fumbi pabenchi, mabulashi ouma gwa m'chikho. Epuloni yake ikadali pamsomali. Sindinaikhudze.

Mlongo wanga, wamng'ono kwa ine, koma ndinkamutcha Kapitawo. Kulamula kwakeko! Ine kujambula ndi kulemba zikwangwani, iye kusakaniza penti. Zaka khumi ndi zinayi tili choncho. Chifukwa chake ndichilembe, poti pepala siliseka munthu: maso angawa sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Chibadwire. Ankadziwa ndi iye yekha. Penti timasunga m'zitini za mkaka, ndiye pazivindikiro ankakanda ndi msomali. Mzere umodzi chofiira, iwiri chobiriwira.

Ntchito yomwe analandira asanadwale ikudikira. Khoma la malo odyera atsopano, pafupi ndi pokwerera basi. Mwini wake akufuna dzuwa likulowa, khoma lonse. Atsegula Loweruka. Ndikalakwitsa pamenepo, msewu wonse udziwa kuti penta wawo saona mitundu. Adzabwerenso ndani?

Lachiwiri, 4 Juni

Faifi koloko ndatulutsa mpando panja. Kuyang'ana dzuwa kuseri kwa thanki ya madzi. Kale ankandiwerengera iye: "Pamwamba chikasu, pakati ngati papaya, pansi makala amoto. Sunga m'mutu, nkhutukumve iwe." Lero ndaona matope okhaokha.

Ndayeserera pamakatoni atatu. Abwino kapena oipa, kaya.

Amayi akungokhala pakhonde, manja pamiyendo. Ine kudya ndikudya, kugona ndikugona. Mumtima muli zii.

Wometa wa khomo loyandikana wasuzumira kawiri. Akuti akufuna machesi. Munthu wosasuta.

Lachitatu, 5 Juni

Ndachita zopusa. Ndatsegula zitini ziwiri nthawi imodzi. Chikhalirecho lamulo lake loyamba linali lomwelo: "Chitini chimodzi, tseka, kenako china." Foni inalira, alamu kufunsa za mapepala a kuchipatala. Pobwerera, zivindikiro zonse ziwiri zili pansi. Cha apa ndi chiti?

Ndanunkhiza. Fungo limodzi. Ndapaka pachala, kutuluka nacho padzuwa. Chimodzimodzi. Ndinatembenuka kuti ndimufunse. Mpaka pakamwa ndinatsegula.

Kugula penti wina ndingagule, inde. Koma chofiira chimenechi anasakaniza yekha, cha khoma lomweli. Ntchito yomaliza ya manja ake. Ndikuifuna pakhomapo.

Lachinayi, 6 Juni

Kukhoma sindinapite. Mwini malo odyera waimba kanayi. "Pepani ndi zovutazi, apenta, koma Loweruka ndi Loweruka." Sakulakwa.

Madzulo katoni ina. Ndangotenga chitini cha kumanja, zili kwa Mulungu. Dzuwa lozungulira bwino, mitambo, mawaya a magetsi, mbalame ziwiri. Dzanja likuidziwa ntchito, silindifunsa n'komwe. Ndaiimika pakhomo kuti iume. Mayi wina wodutsa anaima, kuyang'anitsitsa, n'kupitirira. Kusirira kapena kudabwa, sindikudziwa.

Wometa lero akufuna nyundo. Waima pakhomo nthawi yaitali, nyundo ili m'manja, kukanda kumutu. Kenako wapita nayo.

Kwatsala mawa lokha.

Lachisanu, 7 Juni

M'mawa ndanyamula zitini zonse ziwiri, ulendo kwa wometa. Masitepe asanu okha. Ndadikira kasitomala atuluke. Manyazi ngati wakuba nkhuku. Ndamuuza za maso anga, nkhope pansi.

Sanaseke. Wazimitsa makina, waloza chitini cha kumanzere kuti chofiira ndi chimenecho. Ndiye kuti dzuwa la dzulo linali lobiriwira, ndipo msewu wonse waliona. Kenako watola msomali, wakanda mzere umodzi pambali pa chitinicho. Umodzi. Za mizere ine ndinali ndisanamuuze.

Ndamufunsa. Akuti: "Achimwene, sabata yonse ndakhala ndikukudikirani. Mlongo wanu anandiitanitsa kuchipatala. Anati muzikamuonera mitundu, koma musayambe ndinu, ndi wonyada ameneyo, adzabwera yekha."

Ndafunsa kuti liti. Lamlungu m'mawa, akutero. Kutatsala masiku anayi kuti atisiye.

Watseka shopu yake, wanyamula makwerero, akundidikira panja. Ndamuuza mphindi ziwiri. Papita ola.

Lamlungu lomwelo ine ndinali komweko masana. Ndinam'tengera malalanje. Anati akupezako bwino, atuluka sabata yamawa. Tinakangana za khoma, kuti akwere pamwamba ndani. Anandiseka ndevu, ati ndikufanana ndi mbuzi. Ine kukhulupirira zonse. Iye akudziwa. Ndinanyamuka nthawi yoona odwala isanathe, ati kuthamangira basi. Anandigwira chala, ndinachisolola. Pakhomo la wodi sindinatembenuke.

Akanangondiuza. Basi ikanapita, ine ndikanakhala naye...