Dizilo, Dzuwa ndi Amalume

Lolemba, 3 Malichi

Magetsi azima kuyambira m'mawa. Jenereta kubangula tsiku lonse, mutu uli waa.

Abwana andiitana muofesi. Akuti fakitale yathu ya mkaka ikudyedwa ndi dizilo, ndiye ndiwerengere: magetsi a pa mawaya, dizilo, sola, mphepo, chotchipa n'chiti tikayang'ana zaka khumi kutsogolo. "Inu ndinu a masamu. Lipoti ndilipeze sabata yamawa." Koyamba kupatsidwa ntchito yeniyeni, osati zodinda malisiti zija. Ndatuluka ndikumwetulira ndekha ngati wopepera.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndinapita kushedi kwa Amalume kukafunsa za dizilo. Jenereta ija aisamala kuyambira ine ndisanayambe sukulu. Fizi yanga ya kukoleji inachokera m'shedi momwemo, ntchito inonso anandipemphera ndi iwo kwa abwana akale.

Chisangalalo chake! Anapukuta mpando ndi chipewa chawo. "Khala apa mphwanga, funsa chilichonse." Anandiuza zonse: mmene imamwera mafuta, oyilo, mafiluta, zimene zimakonda kuthyoka. Madalaivala akudutsa, iwo n'kuwaimitsa: "Mwamuona mwanayu? Ndi amene akuwerengera kampani tsopano." Manyazi kundigwira.

Lachisanu, 7 Malichi

Wa sola wabwera, wakwera padenga, wayeza. Wa mphepo ndinangoyankhula naye pafoni. Anafunsa ngati pamalo pathu zovala zimauluka pachingwe. Ndinati ayi. Akuti ndiye musavutike, makina a mphepo ndi otchipa kumene mphepo ikuomba mosalekeza, pano mungogula chipilala chokongoletsa bwalo.

Mmene zikuonekera: a pa mawaya ndi otchipa koma amabwera akafuna. Sola imaluma pogula, makamaka mabatire, kenako phee. Dizilo ndiye mbava, tsiku lililonse akutenga.

Lamulungu, 9 Malichi

Kwa Amalume masana. Anti amati jenereta ndi "mkazi mnzanga", akuti ikatsokomola pang'ono bambo amathamanga, koma iwo akadwala amangouzidwa kuti imwani madzi ambiri. Tinaseka mpaka misozi. Amalume akuti dzuwa limalowa, mphepo imatopa, koma dizilo ukamuitana amadzuka.

Tikutsuka mbale Anti anandifunsa motsitsa mawu: "Nanga akaika za padengazo, amalume ako azidzatani?" Ine: "Aaa Anti, adzafunikabe." Ndinayankha ndisanaganize n'komwe.

Lachinayi, 13 Malichi

Lipoti latha. Pansi pa dizilo ndaikapo zonse: mafuta, oyilo, zokonzera, malipiro a woyang'anira jenereta. Mzere womalizawo ndinauyang'ana kanthawi. Koma buku limatero, ndipo ndimafuna Abwana aone kuti sindisiya kanthu.

Lachisanu, 14 Malichi

Msonkhano. Ndinayankhula osanjenjemera. Sola ndi mabatire zibweza ndalama zake m'zaka zochepa, pamwamba pake kajenereta kakang'ono kodziyatsa kokha pa masiku a mitambo. Anaomba m'manja. Abwana anati ntchito ngati iyi sanaionepo pano.

Kenako anatenga cholembera chofiira n'kuzunguliza mzere uja. "Ndiye uwu ukuchokeratu wonse, eti?"

Ndinati eya.

Eya! Pakamwa panga pomwe. Bwenzi nditanena kuti mapanelo amafuna wotsuka, mabatire amafuna woyang'anira, munthu alipo kale, angomuphunzitsa. Mawu amenewo anandibwerera ndili m'basi.

Lolemba, 17 Malichi

Ndawazemba Amalume. Ndadzera geti la kumbuyo.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndinalimba mtima, ndinabwerera kwa Abwana ndi nkhani ya kuphunzitsa ija. Anamvetsera ndithu. Akuti a sola azisamala okha zinthu zawo, zili kale m'pangano, asayina dzulo. "Mukanabwera nazo poyamba paja, mwina." Ndiye anandifunsa ngati bambo a jenereta aja ndi abale anga. Ndinati ndi amalume anga. Anangoti "Oo," n'kuyamba kusuntha mapepala.

Lachisanu, 28 Malichi

Amalume awauza lero. Agwira mpaka mapanelo atayamba ntchito.

Ndinawapeza kushedi akumanga nati yomwe ndikukhulupirira inali yomanga kale. Ndinayamba kufotokoza, mawu akungogundana. Anandidula: "Masamu ako analakwika?" Ndinati ayi. "Ndiye ukulira chiyani? Tinakutumiza kusukulu kuti uzinama?" Koma sanandiyang'ane. Maso pa sipanala basi.

Kukalipa kukanandipepukira.

Lamulungu, 30 Malichi

Anti sakuyankha foni. Amayi aimba, akuti, "Mwana iwe, mlongo wanga wakulakwira chiyani?" Ndinayesa kuwafotokozera za mtengo wa dizilo. Pakati pa chiganizo ndinadzimva ndekha mmene ndikumvekera, ndinangosiya.

Lachiwiri, 22 Epulo

Denga lonse labuluu tsopano, likuwala ngati madzi. Anthu akujambulitsa. Amalume anathandiza anyamata a sola kukweza mapanelo, osapemphedwa. Ndinamva akufunsa mmodzi kuti kodi zimenezi zikawonongeka zimalira bwanji. Anawayankha kuti sizilira, zimangotumiza uthenga pafoni. Iwo: "Ooo. Zaulemu."

Andikweza pantchito. Sindinauze aliyense kunyumba.

Lachinayi, 8 Meyi

Magetsi anazima masana, palibe anadziwa. Mafiriji osaphethira n'komwe. Ndinazindikira nditaona Amalume ataima pakhomo pa shedi, manja m'thumba, akuyang'ana fakitale ikuyenda.

Zimene ndinalemba zija n'zoona zonse. N'chimene chikundiwawa.

Lolemba, 12 Meyi

Jenereta yagulidwa ndi mwini famu ina kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, kumene mawaya sanafike. Akuti akufuna ndi munthu wake yemwe, poti makina okalamba ngati amenewa mlendo sangawamve. Amalume avomera. Pa msinkhu wawo, ndi bondo lawo lovuta, kukagona m'kachipinda ka pafamu, kubwera kunyumba mwina pakutha pa mwezi. Ndinati dikirani kaye, ndikufunsirani kwina, ndipo za kunyumba ndizithandiza ine. Akuti, "Sindinafike podyetsedwa ndi mphwanga, manja akadalipo."

Loweruka, 17 Meyi

Lole inabwera m'mawa. Kukweza jenereta kunatenga nthawi, Amalume akulamula aliyense, "Pang'onopang'ono! Si thumba la simenti limenelo!" Pamene inakhala zaka zonsezi patsala chibanga chakuda cha oyilo ndi mabawuti anayi.

Anti anabwera ndi chikwama cha zovala ndi ndowa. Anandipatsa moni wa kwa mlendo. Ndinalandira chikwamacho, sanakanize, ndinakachiika kutsogolo.

Amalume anakwera movutika, bondo likukana, dalaivala anachita kuwakoka. Atakhala anatsitsa galasi n'kundikodola. Ndinaganiza kuti tsopano anena. Anangotulutsa kiyi wa kunyumba kwawo m'thumba la ovolosi.

"Anti ako amaopa kugona okha, koma sangakuuze. Uzipita."

Lole inatuluka pageti, ife awiri titaima poteropo. Anti anayang'ana kiyi ali m'manja mwangamo, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Ubwere ndi bulangete lako," anatero. "Kwathu kulibe lapadera."