Sikuta ya Wamtali yabwerera kushopu

Okondedwa Achemwali,

Moni wa masiku ambiri. Muli bwanji kumeneko? Bondo la amayi likuti bwanji, akumwabe mankhwala aja kapena ayambanso kuwabisa pansi pa pilo? Ine kuno ndili bwino, kungoti kudya sindikudya kwenikweni.

Ndikudziwa mwandikwiyira. Alamu andiimbira kanayi konse kufunsa sikuta yoti agule akabwera kuno kudzayamba ntchito yoperekera katundu, ine foni osayankha. Musati ndayamba matama a m'tauni, ayi. Ndimati ndikagwira foni, n'kuibwezanso m'thumba. Ndiye ndati bola ndilembe.

Poyamba ndiyankhe funso lawolo, pajatu ndiyo ntchito yanga. Sikuta ndi kanjinga kamagetsi koimirira, kopanda chishalo, umangoima pathabwa n'kugwira mahandulo. Kushopu kwathu timakonza ndi kugulitsa mitundu iwiri, ndipo iliyonse isanatuluke, woiyesa ndine.

Yam'tauni ndi yokongola, Achemwali, eee! Imapindika ngati ambulera, umainyamula ndi dzanja limodzi, batire imadzadza usanamalize kuchapa. Pa phula imayenda ngati ukutsetsereka pa sopo, phokoso ziii. Koma matayala ake ndi ang'ono ngati mbale ya tiyi, olimba gwa, opanda mpweya. Kamwala kalikonse umakamva m'mano.

Yam'tchire ndi chilombo. Matayala akulu a mano, masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, mabuleki oti ukawagwira imaima pomwepo ngakhale pamatope. Dzenje imangolimeza. Vuto lake kulemera. Ndi thumba la simenti lenileni, ndipo kutchaja kwake umayamba kukalamba.

Nanga n'chifukwa chiyani sindimayankha? N'chifukwa choti funso limeneli ndinafunsidwapo kale. Anandifunsa ndi msuweni wathu Wamtali, mwana wa azakhali, tili m'chipinda chathu chija, iye atakhala pabedi miyendo yake yatsekereza khomo. Anati ine ndiye katswiri, chimene ndinene agula chomwecho.

Mukudziwa timakhala pamwamba penipeni ndipo lifiti inafa tisanabwere. Masitepe ndi makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, ndinawawerenga. Pa nthawiyo Wamtali ankayendera yam'tchire yobwereka kwa mnzake. Akafika pansi ankaliza belu kawiri, ngiri ngiri, kuti nditsike tidzanyamulizane, iye kutsogolo ine kumbuyo. Tsiku ndi tsiku, Achemwali. Msana unkandiwawa, ndipo ankandiseka kuti ndili ndi manja a mlembi.

Ndiye atandifunsa, ndinamuuza kuti atenge yam'tauni. Ndinamuuza za batire, za kupepuka, za kukongola. Zonsezo zinali zoona. Koma ndinkadziwa bwinobwino kuti amakonda kudulira njira yafumbi ya kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, ya miyala ndi maenje ija. Ndinkadziwa. M'mutu mwanga munalibe njira imeneyo, munali masitepe basi.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mvula inagwa m'mawa, dzenje linadzadza madzi, katayala kaja kanalowa, iye anakamenyetsa mutu pakhoma la ngalande dzuwa likuswa mtengo, katundu wa anthu ali kumsana. Amati safunsa anadya phula. Wamtali anafunsa, ndipo anafunsa ine. Pamaliro azakhali anandigwira manja onse awiri n'kundithokoza kuti ndinkamusamala mwana wawo. Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Tsopano imvani zimene zachitika. Lolemba sikuta ija yabwerera kushopu. Apolisi anathana nayo, ndipo abwana anga, amene timawatchula a Mawa chifukwa chilichonse amati mawa, anangoti ndiikonze ipite pawindo. Sakudziwa kuti inali ya ndani. Ine ndinaizindikira ili pakhomo pomwe, chifukwa mahandulo ake ndi okwezedwa mpaka kumapeto. Palibenso munthu wina amene amakweza chonchija.

Ndasintha tayala, ndawongola foloko yogwira tayala lakutsogolo, ndamanga mabuleki. Nditaiyatsa, kagalasi kake kanaonetsa ulendo womaliza, makilomita atatu ndi theka. Pali batani lofufutira, timalidina pa sikuta iliyonse tisanagulitse, ndi lamulo lapashopu. Chala changa chakana. Mahandulonso sindinatsitse. Poiyesa kuseri kwa shopu ndinaikwera momwemo, manja ali m'mwamba ngati kamwana kogwira lamba wa munthu wamkulu, ndipo Achemwali, ndinamva ngati ndaima kumbuyo kwake. Sikuta ilibe phokoso, ndiye umamva chilichonse. Ndinamva kupuma. Mwina kunali kwanga, sindikudziwa.

A Mawa andifunsa katatu kuti ndikudikira chiyani. Ndawayankha kuti mawa. Aseka mpaka kukhosomola, ati ndayamba kuwabera dzina.

Choipa kwambiri ndi belu. Makasitomala onse amakonda kuliza belu poyesa, ndipo ambiri amaliza kawiri. Dzulo masana mayi wina anatero, ndinapezeka ndaponya sipanala pansi ndili kale pakhomo, ndikupinda mikono ya malaya kuti ndikanyamule. Mayiyo anaganiza kuti ndikumuthamangitsa. Kunyumbanso, pokhota pa masitepe pali mzere pakhoma umene mahandulo anakala. Ndikafika pamenepo ndimadzipanikiza kukhoma kuti adutse. Adutse ndani?

Musawauze amayi zimenezi, angayambe kusala kudya. Azakhalinso musawauze, ndidzawauza ndekha ndi pakamwa panga ndikadzabwera. Sindikudziwa kuti ndidzayambira pati, koma si nkhani yoti amve kwa wina.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Alamu akabwera, agule yam'tchire. Ndikuwadziwa, akangoinyamula kamodzi ndi kamimba kawo kaja adzayamba kudandaula, adzaona yam'tauni ikunyezimira pawindo n'kuyamba kunena kuti iwo adzingoyenda pa phula. Onse amatero. Kenako katundu akachedwa, kasitomala akamaimba, aliyense amadulira. Inu ndi amene amakumverani, ndiye muwagwire pamenepo. Muwauze kuti akagula ina, mlamu wawo sawatsegulira chitseko. Chisotinso azimanga lamba wake, osangochikhazika pamutu ngati mphika.

Za masitepe asadandaule n'komwe. Bedi la Wamtali lilipo, ndayala kale. Akafika pansi angoliza belu, ndidzatsika. Ngakhale atatopa asagwire, ndidzaikweza ndekha, masitepe onse makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, tsiku lililonse, mpaka lifiti idzauke kwa akufa. Kungoti azidzaliza kamodzi. Chonde muwauze zimenezo, kamodzi kokha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndanenepa. Moni kwa alamu, muwapepesere za foni zija. Moni kwa amalume ndi ana onse. Kwa azakhali mupiteko Lamlungu, mukangokhala nawo pang'ono, musanene kuti ndakutumani.

Tsalani bwino Achemwali. Mundiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri.

Ndine mlongo wanu,
Mzime